Kodi kolajeni amakulitsadi maselo omanga mafupa?

Funso: Ndine mayi wa zaka 58. Miyezi iwiri yapitayo ndinaterereka n'kugwa, ndipo mkono unathyoka chapafupi ndi dzanja. Kuchipatala anandiika chikhakha, koma atandijambulanso anati fupa likuchedwa kugwirana. Mwana wanga wandigulira ufa wa kolajeni, ndipo pachitini analembapo kuti umathandiza maselo omanga mafupa kuti akule. Kodi n'zoona? Nanga kolajeniyo amawatani maselowo? Ndinenenso kuti ndimadwala matenda a shuga.

Yankho: Mayi, pepani ndi mkonowo. Miyezi iwiri m'chikhakha ndi yowawa, makamaka likakhala dzanja limene mumagwirira ntchito zonse.

Zimene analemba pachitinizo zili ndi choonadi chake, koma choonadicho chagona pena. Kolajeni, puloteni yokhala ngati zingwe imene thupi limapanga, ali ndi mphamvu yaikulu pa maselo omanga fupa, amene ife timawatcha ma osteoblast. Kungoti kolajeni amene maselowa amamumvera ndi uja amene apanga okha, n'kumuyala, n'kumukhalira pamwamba. Si amene munthu wameza ndi madzi. Komanso mawu akuti kukula abisa zinthu ziwiri. Pali kuchulukana kwa maselo, ndiye pali kukhwima kwawo mpaka kufika poyamba ntchito yomanga. Kolajeni amakokera kwambiri ku kukhwimaku, ndipo ikafika nthawi yake amachita kuletsa kuchulukanako.

Ambiri amaona ngati fupa ndi mwala wa kashiamu basi. Tengani fupa la nkhuku, muliviike mu viniga kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Viniga amasungunula kashiamu, ndipo chotsalacho chimapindika ngati labala, osathyoka. Ameneyo ndiye kolajeni. Fupa lina muliwotche mpaka liyere mbuu. Kolajeni wapsa, kashiamu watsala, ndipo mukalifinya limangonyenyeka m'manja. Pa kulemera kwa fupa, pafupifupi magawo awiri mwa atatu ndi timiyala ta kashiamu ndi fosifeti, ndipo gawo lotsalalo ndi madzi ndi mapuloteni. Pa mapuloteniwo, pafupifupi 90 pa 100 alionse ndi kolajeni wa mtundu woyamba. Timiyala timaumitsa fupa, pomwe kolajeni amalipatsa kupirira, kuti likagundika ligonje pang'ono m'malo mong'aluka. Zili ngati zitsulo ndi simenti m'chipilala: zitsulo ndizo zimayamba, simenti imabwera pambuyo.

Kolajeni ndi chingwe chopotedwa ndi nkhosi zitatu. G. N. Ramachandran ndi Gopinath Kartha, ku Madras m'dziko la India, ndiwo anafotokoza kapotedwe kameneka mu 1954 ndi 1955. Chingwe chimodzi n'chotalika pafupifupi mananomita 300, ndipo kuti milimita imodzi ikwane pamafunika mananomita 1,000,000. Nkhosi iliyonse ndi mkanda wa ma amino asidi (tizidutswa tomangira mapuloteni) opitirira 1,000, ndipo pamalo achitatu alionse pamakhala glycine, wamng'ono kuposa onse, poti ndi yekhayo angakwane pakatikati pomwe nkhosi zitatuzo zapanikizana. Kuti chingwecho chisamasuke ndi kutentha kwa thupi, selo limasintha amino asidi wina, proline, wambiri kukhala hydroxyproline. Enzaimu (puloteni yofulumizitsa ntchito m'thupi) yogwira ntchito imeneyi siyenda popanda vitamini C, ayironi ndi mpweya wa okosijeni.

Ma osteoblast amachokera ku maselo ena oyambirira amene amakhala m'mafuta a m'kati mwa fupa komanso pakachikopa kopyapyala kokuta fupalo. Selo loyambirirali lili pamphambano: likhoza kusanduka la fupa, la katileji (fupa lofewa), kapena la mafuta. Chimene chimalilozera njira ya fupa ndi puloteni yotchedwa Runx2. Mu 1997 akatswiri anachotsa jini (malangizo a m'selo opangira puloteni) ya puloteniyi mu mbewa, ndipo ana a mbewazo anabadwa opanda fupa louma ndi limodzi lomwe, n'kufa atangobadwa chifukwa cholephera kupuma. Selo likangolowa njira imeneyi, ntchito yake yoyamba ndi kupota kolajeni n'kumulavulira kunja. Kunjako nsonga ziwiri za chingwe zimadulidwa, zingwezo zimandandalikana mopitanapitana, ndipo pa mananomita 67 alionse pamatsala kampata. Enzaimu ina, lysyl oxidase, yomwe imafuna kopa, imamanga mfundo pakati pa chingwe ndi chinzake. Zikatero pamakhala mkeka wofewa wotchedwa osteoid, ndipo pakapita masiku khumi kapena kuposerapo, timiyala ta kashiamu timayamba kumera m'timipata tija n'kufalikira.

Mpaka apa zikuoneka ngati kolajeni ndi chinthu chongopangidwa basi, monga njerwa m'manja mwa woumba. Chimene chimandisangalatsa kuposa zonse pa nkhaniyi n'chakuti mkekawo ukayalidwa, umatembenuka n'kuyamba kulamula amene anauluka.

Selo lilibe maso. Limadziwa pomwe lili pokhudza. Pakhungu lake pali mapuloteni otchedwa ma integrin, amene ali ngati timanja, mbali ina kunja, mbali ina m'kati mwa selo. Amodzi mwa iwo, alpha2beta1, amagwira kolajeni pamalo enieni a ma amino asidi asanu ndi limodzi amene timawalemba kuti GFOGER, ndipo mmene amagwiriramo zinajambulidwa bwinobwino m'chaka cha 2000. Kadzanjako kakangogwira, m'kati mumadzuka enzaimu yotchedwa FAK, iyo imadzutsa ina yotchedwa ERK, ndipo ERK imapita pachimake pa selo kukalimbikitsa Runx2 ija. Apo selo limayamba kupanga zida za mmisiri weniweni: alkaline phosphatase, yomwe imakonza malo oti timiyala timere, kenako mapuloteni a fupa otchedwa bone sialoprotein ndi osteocalcin. Palinso kadzanja kena, DDR2, kamene kamagwira kolajeni pamalo ena n'kuthandizira uthenga womwewo.

Zimenezi zimaoneka ndi maso mu labotale. Pali maselo otchedwa MC3T3-E1, amene akatswiri a ku Japan anawatenga m'chigaza cha ana a mbewa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mpaka lero amaleredwa m'malabotale ambiri padziko. Mukawalera m'mbale popanda vitamini C, amagawikana ndithu mpaka kudzaza mbale yonse, koma fupa sapanga. Amangokhala khamu la anthu opanda ntchito. Mukathira vitamini C, kolajeni amayamba kuunjikana pansi pawo ndi pakati pawo, patapita masiku angapo alkaline phosphatase imakwera, ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu, fosifeti akakhalapo wokwanira, mumaona timibulu touma ta fupa. Renny Franceschi ndi anzake, m'zaka za m'ma 1990, anafunsa funso labwino kwambiri: kodi ndi vitaminiyo amene akuyankhula ndi selo, kapena ndi kolajeni? Anasiya vitamini C m'mbalemo koma n'kuthira mankhwala oletsa kolajeni kupoteka. Maselo sanakhwime. Kenako analola kolajeni kupangika koma n'kutseka timanja ta integrin. Maselo sanakhwimebe. Ndiye kuti uthenga umadutsa pakukhudzana kwa selo ndi chingwe chimene lapota lokha.

Pa za kuchulukana, Gary Stein ndi Jane Lian pamodzi ndi anzawo anaonetsa cha m'ma 1990 kuti moyo wa osteoblast uli ndi nyengo zitatu zotsatizana: kugawikana, kukhwimitsa mkeka, ndi kuika timiyala. Kolajeni wambiri amapangidwa kuyambira m'nyengo yoyambayo, ndipo mkeka ukachindikala, majini oyendetsa kugawikana amayamba kuzima. Zili ngati kolajeni akuwauza kuti mwachuluka mokwanira, tsopano gwirani ntchito. N'chifukwa chake mawu akuti kolajeni amakulitsa maselo ndimawaona operewera. Maselo oyalidwa pa kolajeni amamatirira msanga, safa chisawawa, ndipo amakhwima mofulumira. Phindu lake lenileni ndi limenelo, ndipo ndi limene fupa lothyoka likufuna, chifukwa maselo ambirimbiri osakhwima sangalumikize fupa.

Sikuti selo limangofuna kudziwa ngati kolajeni alipo. Limafunanso kudziwa kuti ndi wolimba bwanji, ndipo limadziwa pomukoka. Mu 2006 Adam Engler ndi Dennis Discher a ku University of Pennsylvania anatenga maselo oyambirira aja n'kuwayala pa timatiresi tofewa mosiyanasiyana, tonse topakidwa kolajeni wofanana. Pa tofewa ngati ubongo, maselo anayamba kuonetsa zizindikiro za maselo a mitsempha ya ubongo. Pa tolimbirapo ngati mnofu, za minofu. Pa tolimba ngati osteoid, zizindikiro za fupa, kuphatikizapo Runx2. Kolajeni anali yemweyo, chosiyana chinali kulimba kwa pansi.

Kaonekedwe kakenso n'kofunika, ndipo apa ufa wanu uja ukukhudzidwa. Integrin imazindikira GFOGER pokhapokha nkhosi zitatu zili zopotana. Kolajeni akaphikidwa amamasuka n'kukhala jelatini, ndipo kadzanja kaja sikapezanso pogwira pake pa nthawi zonse. Ufa wa m'chitini ndi kolajeni wa zikopa za ng'ombe, nkhumba kapena nsomba, womasulidwa kenako n'kuduliridwanso m'tizidutswa tating'ono kwambiri kuti azisungunuka m'madzi. Chingwe mulibenso mmenemo.

Mkeka wa kolajeni ndi nkhokwenso. Mu 1965 Marshall Urist wa ku Los Angeles anatenga mafupa, n'kusungunula kashiamu yense ndi asidi, n'kuika chotsalacho m'kati mwa minofu ya nyama zamoyo. Pamalopo panamera fupa latsopano, pomwe fupa silimayenera kukhalapo. Chinachititsa si kolajeni payekha, koma mapuloteni ena ochepa kwambiri obisala mwa iye, amene pambuyo pake anatchedwa BMP. Momwemonso mumasungidwa puloteni ina yotumiza uthenga kwa maselo, TGF-beta. Maselo ogumula fupa lakale, ma osteoclast, akamakumba, amatulutsa zosungidwazi, ndipo zimaitana maselo oyambirira kuti abwere adzakwirire dzenjelo. Madokotala a opaleshoni anatengerapo phunziro. Mu 2002 dziko la America linavomereza BMP-2 wonyowetsedwa pa siponji ya kolajeni kuti azigwiritsidwa ntchito polumikiza mafupa a msana, ndipo madokotala a mano amagwiritsa ntchito timapepala ta kolajeni pomeretsa fupa la nsagwada. Apa kolajeni wochokera kunja amathandizadi, chifukwa waikidwa ndi dzanja pamalo enieniwo, akadali chingwe.

Matenda awiri amaonetsa zimene zimachitika chingwe chikalakwika. Oyamba ndi osteogenesis imperfecta, obadwa nawo, amene amagwira pafupifupi mwana mmodzi pa ana 15,000 mpaka 20,000. Mwa ambiri a iwo vuto lili m'majini a COL1A1 kapena COL1A2, ndipo kawirikawiri ndi glycine mmodzi yekha amene walowedwa m'malo ndi amino asidi wamkulu. Chingwe chimapoteka mokhota, china chimatsakamira m'kati mwa selo n'kulilemetsa, ndipo mafupa amathyoka ngakhale pomusambitsa mwana. Achiwiri ndi scurvy, obwera chifukwa chosowa vitamini C. Pa ulendo wa George Anson wozungulira dziko pa nyanja, kuyambira 1740 mpaka 1744, analemba kuti mabala amene anapola zaka zambiri m'mbuyomo anatsegukanso, ndipo fupa lina limene linagwirana kalekale linalekananso ngati silinagwiranepo. Thupi siligona, limagumula kolajeni wakale tsiku ndi tsiku, ndipo watsopano akapanda kubwera, msoko umamasuka.

Tsopano tibwere pa mkono wanu, mayi. Fupa likathyoka, pamayamba paundana magazi. Kenako pamamera chotupa chofewa cha katileji, fupa lofewa ngati lija la kunsonga kwa mphuno, ndipo mmenemo muli kolajeni wa mitundu ina, makamaka wachiwiri. Mitsempha ya magazi ikalowamo, ma osteoblast amafika n'kuyala kolajeni wa mtundu woyamba mothamanga, zingwe zili balala. Limeneli ndi fupa loyamba, ndipo ndi limene achipatala amalifufuza pa chithunzi. Pambuyo pake, kwa miyezi yambiri, limagumulidwa n'kumangidwanso, zingwe zitayalidwa mwadongosolo motsata kumene mphamvu imadutsa. Fupa la mkono lapafupi ndi dzanja nthawi zambiri limagwirana m'masabata pafupifupi asanu ndi limodzi. Koma pali kafupa kena m'dzanja momwemo, scaphoid, kamene magazi amakafika movutikira ndipo kamadziwika ndi kuchedwa. Afunseni adokotala kuti lathyoka ndi liti, chifukwa chithandizo chake chimasiyana.

Mawu anu omalizira aja, akuti mumadwala shuga, ndi amene ine ndawagwira kwambiri. Shuga akakhala wokwera m'magazi nthawi yaitali, amamatirira pa mapuloteni okhalitsa m'thupi, ndipo kolajeni wa m'fupa amakhala zaka zambiri. Pamapangika mfundo zosafunika pakati pa zingwe, zimene timazitcha AGE. Mfundo za lysyl oxidase zimalimbitsa chingwe, koma izi zimachiumitsa gwa ngati chikopa chotsalira padzuwa. Ma osteoblast oyalidwa pa kolajeni wotere samatirira bwino ndipo sakhwima bwino. Shuga amawononganso timitsempha ta magazi timene chotupa chija chikudikira. N'chifukwa chake anthu odwala shuga wa mtundu wachiwiri amatha kuyezedwa n'kupezeka kuti kashiamu m'mafupa ndi wokwanira, koma n'kumathyokabe kuposa anzawo, ndipo fupa lawo limachedwa kupola. Kuyang'anira shuga wanu m'miyezi imeneyi ndi ntchito yothandiza kolajeni wa mkono wanu kuposa chilichonse chimene chingatuluke m'chitini.

Onaninso mankhwala amene mukumwa. Pioglitazone, amodzi mwa mankhwala a shuga, amakankhira maselo oyambirira aja ku njira ya mafuta m'malo mwa njira ya fupa, ndipo kwa amayi amawonjezera kuthyoka kwa mafupa a manja ndi miyendo. Mankhwala ngati prednisolone, akamwedwa nthawi yaitali, amachepetsa kolajeni amene ma osteoblast amapanga. Musasiye mankhwala alionse panokha, chonde, koma atengeni onse mukawaonetse adokotala, awone ngati pali ofunika kusintha. Ngati mumasuta fodya, ino ndi nthawi yosiya, poti amafinya mitsempha ya magazi pomwe enzaimu yopota chingwe ikufuna okosijeni.

Nanga ufawo? Ukafika m'mimba umagayidwa monga puloteni ina iliyonse. Wambiri umalowa m'magazi ngati ma amino asidi, ndipo thupi limawatumiza kulikonse kumene likufuna, osati kumkono kokha. Komabe sindinena kuti palibe chilichonse. Akatswiri a ku Japan anapeza mu 2005 kuti munthu akamwa jelatini woduliridwa, tizidutswa tina ta ma amino asidi awiriawiri, makamaka proline ndi hydroxyproline, timafika m'magazi tisanaphwanyike, ndipo m'mbale za mu labotale tizidutswa totere timatha kusonkhezera maselo pang'ono. Mu 2018 ku Germany kunatuluka kafukufuku wa amayi 131 amene anasiya kusamba. Amene ankamwa magalamu 5 a ufa wotere tsiku lililonse kwa miyezi 12 mafupa awo a msana ndi a m'chiuno anachindikalako pang'ono poyerekeza ndi anzawo. Koma ameneyu ndi kafukufuku wamng'ono, anayeza kuchindikala kwa fupa, sanawerenge anthu othyoka, ndipo sanali wa kupola kwa fupa lothyoka ngati lanu. Kafukufuku wambiri wa mtunduwu amathandizidwanso ndi makampani ogulitsa ufawo. Maganizo anga ndi awa: poti mwana wanu wagula kale, ndipo wagula chifukwa chokukondani, mukhoza kumwa, kwa anthu ambiri suvulaza. Werengani kaye pachitini ngati sanathiremo shuga, ndipo ngati impso zanu zinakhudzidwa ndi matenda a shuga, kapena thupi lanu limadana ndi nsomba, yambani mwafunsa adokotala. Musauyese mankhwala, ndipo usalowe m'malo mwa chakudya, chifukwa kolajeni alibe tryptophan, mmodzi mwa ma amino asidi amene thupi silingapange lokha.

Zimene ma osteoblast anu akufuna n'zosavuta kutchula. Mapuloteni okwanira m'chakudya, pafupifupi galamu imodzi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwanu patsiku ngati impso zili bwino. Vitamini C wochokera m'zipatso ndi ndiwo zamasamba za tsiku ndi tsiku. Mamiligalamu 75 patsiku amakwanira kwa mayi wamkulu, ndipo kumwa wochuluka kuposa amene enzaimu ikufuna sikupotetsa chingwe mwachangu. Kashiamu ndi vitamini D n'zofunika kuti mkeka wofewa uja uume, chifukwa vitamini D akasowa, osteoid amangounjikana osauma. Vitamini ameneyu amayezeka m'magazi, ndipo fupa likamachedwa kugwirana n'koyenera kumuyezetsa.

Pali chinthu china chimene sindikufuna chikudutseni. Munthu wopitirira zaka 50 akathyoka fupa chifukwa chongogwa ali chiimire, ife timatenga zimenezo ngati chenjezo la osteoporosis, matenda ofooketsa mafupa. Mayi akasiya kusamba, mahomoni a amayi otchedwa estrogen amatsika, ndipo ma osteoclast amayamba kukumba maenje ambiri. Dzenje limene iwo amakumba m'masabata awiri kapena atatu, ma osteoblast amalikwirira kwa miyezi itatu kapena inayi, ndiye omanga amatsalira. Kuthyoka kwa mkono nthawi zambiri ndiko kumatsogola, kwa chiuno kumabwera zaka zingapo pambuyo pake, ndipo pakati pa ziwirizi pali mankhwala oyesedwa bwino amene amachepetsa ngoziyo. Pemphani kuti akuyezeni mafupa ndi makina a DXA, ndipo amene akuwerenga zotsatirazo muwauze kuti mumadwala shuga, kuti nambala yooneka bwino isawanamize.

Podikira tsiku lanu la kuchipatala, zala zimene zili kunja kwa chikhakha muzizipinda ndi kuziwongola kangapo patsiku, chigongono ndi phewa muziziyendetsanso, ndipo mukakhala pansi dzanja likhale pamwamba pa pilo. Zala zikatupa kwambiri, zikachita dzanzi, zikazizira kapena kusintha mtundu, kapena mukamva kutentha ndi fungo m'kati mwa chikhakha, musadikire tsikulo. Kwa munthu wa shuga bala la pansi pa chikhakha limatha kukula iye osamva ululu, choncho pitani tsiku lomwelo akachitsegule aone.